Bulugama wa mu mphika: zimene kamtengo ka bonsai kangatiphunzitse za mizu

Funso limene labweretsa phunziroli

Alimi anzanga, phunziro ili labwera chifukwa cha funso limene mayi ena a m'gulu lathu anafunsa titamaliza kuunika munda wa sukulu. Mayiwa anapita kukaona mwana wawo amene amagwira ntchito pamalo ena ogona alendo cha ku Monkey Bay. Kumeneko anaona kamtengo kali m'mbale yadothi pakhonde. Msinkhu wake kosapitirira m'bondo, koma thunthu lake lonenepa, khungwa lake long'aluka ngati la mtengo wakalekale. Ndiye anandifunsa kuti, "Alangizi, kodi amakamwetsa mankhwala anji kuti kasakule? Nanga bulugama amene amangodzimerera kuseri kwa nkhalango yathu uja sangatheke?"

Yankho ndi lakuti palibe mankhwala. Kamtengo kaja ndi mtengo wamba, wofanana ndi anzake a m'tchire. Chimene mwini wake amachita ndi kusamala mizu, madzi ndi nsonga zake chaka ndi chaka. Bulugama nayenso amatheka, ngakhale kuti ndi wovutirapo kusiyana ndi mlambe kapena kachere.

Ndaona kuti ndi bwino tiyese limodzi. Chifukwa chachikulu si kukongoletsa khonde. Chaka chilichonse timataya mbande zambiri za mitengo tikaziwokera, ndipo kawirikawiri vuto limakhala ku mizu kumene maso athu safika. Mtengo wa mu mphika umatilola kuona mizuyo, kuigwira ndi kuyesa kuti chimachitika n'chiyani tikaidula.

Pomaliza phunziroli tikhale titadziwa:

1. Malo ololedwa ndi oletsedwa kukumbamo mbande zomera zokha.
2. Kakumbidwe ka mbande ya bulugama kuti isafe.
3. Kadulidwe ka mizu ndi nthambi kuti mtengo ukhale wamfupi koma wathanzi.
4. Mmene luso limeneli lingatithandizire ku nazale ndi kumunda.

Kodi bonsai n'chiyani?

Bonsai ndi mawu a ku Japan, ndipo amatanthauza chomera chobzalidwa m'mbale. Anthu a ku Japan anaphunzira luso limeneli kwa anthu a ku China zaka mazana angapo zapitazo. Mtengo wosamalidwa motere umatha kukhala ndi moyo kuposa munthu amene anauyamba. Ku Washington, m'dziko la America, kuli mtengo wa paini umene unayamba kusamalidwa ku Japan m'chaka cha 1625. Mtengowu unapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo unaperekedwa ngati mphatso mu 1976. Kuno ku Africa, anzathu a ku South Africa amachita luso lomweli ndi mlambe komanso mitengo yaminga ya m'tchire.

Chinsinsi chake n'chimodzi. Chimene chili pamwamba pa mtengo chimatsatira chimene chili pansi. Mizu ikakhala ndi malo ambiri, imakoka madzi ndi chakudya chambiri, ndipo mtengo umathamangira kumwamba. Mizu ikakhala m'malo ochepa, mtengo umakula pang'onopang'ono. Koma kungoutsekera mu mphika sikokwanira. Mizu ikadzaza mphika imayamba kuzungulira, kupotana, mpaka madzi amalephera kulowa ndipo mtengo umafa. N'chifukwa chake mwini bonsai amazula mtengo nthawi ndi nthawi, n'kudula mizu ikuluikulu kuti itulutse timizu ting'onoting'ono tambiri.

Mfundo iyi tiigwiritse: mizu ikuluikulu ntchito yake ndi kuchirikiza mtengo ndi kusunga chakudya, pamene timizu ting'onoting'ono tokhala ngati tsitsi ndi timene timamwa madzi. Mbande yokhala ndi muzu umodzi wautali wopanda timizu ndi yofooka kusiyana ndi mbande ya mizu yaifupi koma yanyenyeswa zambiri.

Bulugama timudziwe kaye

Bulugama kwawo ndi ku Australia, kumene kuli mitundu yoposa 700. M'madera otentha ngati kuno ku Mangochi, mitundu imene imachita bwino ndi imene akatswiri amaitcha Eucalyptus camaldulensis ndi Eucalyptus tereticornis. Woyambayo kwawoko amamera m'mbali mwa mitsinje ikuluikulu ngati Murray. Ichi n'chifukwa chake amakonda madzi, ndipo mizu yake imapita patali kukawafunafuna.

Tonse tikudziwa ubwino wake. Amatipatsa milimo ya nyumba, mapolo, nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba. Amakula msanga, ndipo ukamudula amaphukanso pachitsa. Koma pomuika mu mphika pali makhalidwe ake anayi ofunika kuwakumbukira.

Choyamba, mbande ya bulugama imathamangitsa muzu umodzi waukulu kupita pansi isanachulukitse mizu ya m'mbali. Mbande yofika m'bondo ikhoza kukhala ndi muzu wotalika kuposa thunthu lake.

Chachiwiri, sakonda kusokonezedwa mizu. Mlambe ukhoza kuzulidwa m'chilimwe, kukhala masiku angapo pamtunda, n'kudzaphukabe chifukwa umasunga madzi m'thupi mwake. Bulugama timizu take tikangouma, zake zathera pomwepo.

Chachitatu, mphamvu zake zonse amazipititsa kunsonga. Nthambi zam'munsi zikakhala pamthunzi amangozitaya. N'chifukwa chake m'nkhalango amakhala wowongoka ngati polo. Kwa wofuna milimo khalidweli ndi labwino, koma kwa wofuna mtengo wamfupi ndi limene ayenera kulimbana nalo.

Chachinayi ndi chimene chimatithandiza. Pansi pa khungwa lake pamabisala maso ambiri ogona amene amadzuka mtengo ukadulidwa kapena ukapsa ndi moto. Mitundu ina imakhalanso ndi kachotupa kolimba patsinde, pamalire a dothi, komwe kamasunga chakudya ndi maso otere. Mukakaona kachotupako musakadule poganiza kuti ndi matenda. Ndi nkhokwe ya mtengowo.

Kumene tingakumbe ndi kumene sitingakumbe

Tisananyamule khasu, tidziwe malamulo. Lamulo la Zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, limaletsa kudula, kuzula kapena kutenga mtengo m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. M'boma lathu lino muli nkhalango zotere monga Namizimu, Phirilongwe ndi nkhalango ya Mangochi. Palinso Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. M'malo onsewa musakumbemo ngakhale kambande kakang'ono. Kumanda nako tonse tikudziwa mwambo wake.

Malo oyenera ndi awa:

1. M'munda mwanu kapena m'nkhalango yanu.
2. M'munda wa mnzanu, mutapempha.
3. M'nkhalango ya m'mudzi, mutagwirizana ndi amfumu ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe.
4. Pamalo pamene mbandezo zikanafa kale, monga mumzere wolambula moto, m'ngalande ya msewu kapena pamene pamangidwe nyumba.

Pa phunziro lino tasankha bulugama dala. Ndi mtengo wobwera, ndipo pamene wamera mothithikana amafunika kupatulira. Mitengo yachilengedwe monga mlombwa, mbawa ndi tsanya ikaphuka m'munda, tiisiye pomwepo ndi kuisamalira monga tinaphunzirira. Ndipo mukakumba, kwirirani dzenje. Dzenje losiyidwa limathyola mwendo wa mbuzi, limayambitsanso chigwembe.

Kusankha mbande ndi kukumba

Nthawi yabwino ndi pamene mvula yakhazikika, kuyambira kumapeto kwa Disembala mpaka mu Febuluwale. Nthawiyi dothi ndi lofewa, mpweya uli ndi chinyezi, ndipo mtengo uli pa mphamvu yotulutsa mizu yatsopano. Ndi nyengo yomweyo ya dziko lonse yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Musakumbe mu Okutobala kapena Novembala dzuwa likuswa mtengo, kapenanso nthawi ya mwera.

Sankhani mbande ya masentimita 20 mpaka 40, thunthu lake lonenepa ngati pensulo kapena chala chaching'ono. Wofuna milimo amasankha yowongoka. Ife tikufuna yokhota, imene inapondedwa ndi ng'ombe kapena kudulidwa ndi khasu n'kuphukanso, yokhala ndi nthambi pafupi ndi pansi. Mbande yomera pa miyala kapena pa dothi losaya ndi yabwino kwambiri chifukwa muzu wake waukulu unalephera kale kupita pansi. Yomera pamchenga wa kunyanja imavuta: muzu umakhala wautali, ndipo dothi limayoyoka mukangoinyamula.

Tengani khasu, chikwanje kapena mpeni wakuthwa, chiguduli chonyowa, chingwe ndi madzi m'chigubu. Pitani m'mamawa kapena madzulo, makamaka tsiku la mitambo.

1. Ngati dothi lili louma, thirani madzi patsinde dzulo lake.
2. Jambulani bwalo kuzungulira mbande, masentimita 15 mpaka 20 kuchoka patsinde.
3. Kumbani kunja kwa bwalolo mpaka kuya kwa masentimita 25 kapena 30.
4. Lowetsani mpeni pansi n'kudula muzu waukulu kamodzi. Musakoke, chifukwa kukoka kumasupula timizu.
5. Nyamulani ndi dothi lake lomwe, kulungani m'chiguduli chonyowa n'kumanga.
6. Dulani nsonga zanthete ndipo chotsani pafupifupi theka la masamba. Masamba ndiwo amataya madzi. Mizu ikachepa, nawonso ayenera kuchepa.
7. Bzalani tsiku lomwelo.

Ngati mbande ili m'munda mwanu ndipo simukufulumira, pali njira ina yotetezeka. Dulani mizu mbali imodzi ndi khasu, kwirirani, n'kuisiya milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Kenako dulani mbali inayo ndi muzu wapansi. Podzafika tsiku lonyamula, mbandeyo imakhala itatulutsa kale timizu pafupi ndi tsinde.

Mphika woyamba ndi dothi lake

Musathamangire mbale yosaya ngati imene mayi aja anaona. Imeneyo ndi ya zaka za m'tsogolo. Chaka choyamba mbande ikufunika malo oti ichire. Ndowa yakutha, chigubu cha malita 5 kapena 10 chodula pakati, kapena mphika wadothi wong'aluka, zonsezi zikhoza. Chofunika ndi mabowo. Boolani anayi kapena asanu pansi, aakulu ngati chala. Kuno kotentha mphika wadothi umaposa pulasitiki yakuda, imene imatentha mpaka kupsereza mizu ya m'mbali.

Sakanizani motere:

- magawo awiri a mchenga wokhakhala wa mumtsinje, wosefa kuchotsa fumbi
- gawo limodzi la dothi lapamwamba lachonde
- gawo limodzi la kompositi kapena manyowa owolerana bwino

Pansi pa mphika yalani timiyala, zidutswa za njerwa yowotcha kapena makala ophwanya. Musagwiritse ntchito dothi lamakande la kudambo. M'munda limasunga chinyezi, koma mu mphika limauma ngati njerwa, likanyowa limatsamwitsa mizu. Mizu nayo imapuma. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani madzi kapu ziwiri. Akayamba kutuluka pansi musanamalize kuwerenga mpaka 20, dothi lili bwino.

Bzalani mbande pa mlingo womwe inali m'tchire. Imangireni ku kamtengo kuti mphepo isaigwedeze, chifukwa kugwedezeka kumadula timizu timene tikungoyamba kumene. Ikani pamthunzi milungu iwiri kapena itatu, ndipo muziwaza madzi pamasamba m'mawa ndi madzulo. Masamba ena akayoyoka musataye mtima. Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo: mukaona zobiriwira mkati, mtengo uli moyo. Mphukira zikaoneka, yambani kuuzoloweza dzuwa la m'mawa, kenako la tsiku lonse.

Kufupikitsa muzu pang'onopang'ono

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo ine ndinalakwitsapo. Nditangoyamba ntchito ndinakumba mbande zitatu, ndinatsuka dothi lonse, n'kudula muzu waukulu pafupi ndi tsinde kuti zikwane m'mbale. Munali mu Novembala mvula isanagwe. Pasanathe sabata zonse zinali nkhuni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine sindinadekhe.

Ndondomeko yoyenera ndi iyi.

Chaka choyamba musakhudze mizu. Lolani mtengo ukule momwe ukufunira kuti upeze mphamvu.

Chaka chachiwiri, mvula ikakhazikika, zulani mtengo mu mphika. Ndi kamtengo kosongola masulani dothi la m'mbali ndi pansi, koma lapakati lisiyeni. Fupikitsani muzu waukulu mpaka pamene pali mizu ya m'mbali yamphamvu. Dulaninso mizu imene yayamba kuzungulira mphika. Zonse zimene mwachotsa zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a mizu yonse. Gwirirani ntchitoyi pamthunzi, mofulumira, mukuwaza madzi. Chepetsaninso masamba, bzalani m'dothi latsopano, n'kubwezera pamthunzi milungu iwiri.

Chaka chachitatu ndi chachinayi bwerezani zomwezo. Mudzaona kuti mizu yayamba kuyala m'mbali ngati zala za dzanja. Apo ndi pamene mungasamutsire mtengo m'mbale yosaya. Kuchokera pamenepo, muzizula ndi kudulira mizu chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri. Chizindikiro chakuti nthawi yakwana ndi pamene madzi ayamba kuchedwa kulowa, kapena mtengo ukufota msanga ngakhale mwathirira.

Mpeni ukhale wakuthwa ndi woyera nthawi zonse. Bala losalala limapola msanga, lophwanyika limawola.

Kudulira ndi kupinda nthambi

M'mera mpoyamba. Nthambi ya bulugama imapindika ikadali yanthete, ikakhwima imathyoka.

Thunthu limanenepa chifukwa cha masamba ambiri. Ngati mukufuna thunthu lonenepa, lolani mtengo utalike kaye mpaka mita imodzi kapena kuposerapo. Kenako, nthawi ya mvula, udulireni pa masentimita 15 mpaka 25 kuchoka pansi. N'chimodzimodzi ndi kudula bulugama m'nkhalango: pachitsa pamatuluka mphukira zambiri. Zikafika kutalika kwa chala, sankhani imodzi yoti ipitirize thunthu, ndi ziwiri kapena zitatu zoloza mbali zosiyana zoti zikhale nthambi. Zina zonse budulani ndi zala. Musadule thunthu ndi mizu nthawi imodzi. Chaka cha thunthu chikhale china, cha mizu china.

Nthambi ikatulutsa masamba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, tsinani nsonga kusiya awiri kapena anayi. Pamene mwatsinapo pamatuluka nthambi ziwiri. Mukamabwereza, nthambi zimachuluka ndipo masamba amayamba kuchepa. Tsinani kwambiri kumwamba, pang'ono kumunsi, kuti mphamvu igawanike. Muzitembenuza mphika sabata iliyonse kuti mbali zonse zione dzuwa, apo ayi nthambi za kumthunzi zidzauma. Musadabwenso kuona masamba a mphukira ali osiyana ndi a mtengo waukulu. Bulugama amatero: masamba a ubwana amakhala otambalalako, a ukulu owonda ndi aatali.

Akatswiri a bonsai amapinda nthambi ndi waya wa kopa kapena aluminiyamu. Ife tikhoza kumanga chingwe kunthambi n'kuikokera pansi, kumangirira ku mphika. Pamene chingwe chikukhudza khungwa ikanipo kachidutswa ka chubu cha njinga. Bulugama amanenepa msanga, choncho yang'anani sabata iliyonse kuti chingwe kapena waya zisalowe m'khungwa.

Maonekedwe oti mutsanzire musawafune patali. Imani pansi pa bulugama wamkulu amene anakula yekha pabwalo, muone mmene thunthu lake limagawikira, nthambi n'kukwera kaye zisanagwe kunsonga. Jambulani m'kope.

Madzi, dzuwa ndi chakudya

Mtengo wa mu mphika sungathe kukafuna madzi wokha. Thirirani mpaka madzi atuluke pansi, kenako dikirani kuti pamwamba paume pang'ono. M'miyezi yozizira kamodzi pa tsiku n'kokwanira, mwinanso kudumphitsa tsiku. Mu Okutobala ndi Novembala thirirani m'mawa ndi madzulo, ndipo masana mphika ukhale pa kamthunzi. Nthawi ya mwera utchinjirizeni ndi mpanda wa udzu, chifukwa mphepo imaumitsa masamba ngakhale kukuzizira. Mukachoka pakhomo masiku awiri m'chilimwe osasiyira wina ntchitoyi, mudzapeza ntchito ya zaka zitatu itauma.

Ngati madzi a pamjigo wanu ali ndi kamchere, mudzaona zoyera pamwamba pa dothi ndipo nsonga za masamba zidzayamba kupsa. Gwiritsani ntchito madzi amvula, a kunyanja kapena a mumtsinje. Musaike mbale yosunga madzi pansi pa mphika. Imawoletsa mizu, ndipo udzudzu umaswana momwemo.

Musaike bulugama m'nyumba. Amafuna dzuwa. Mphika ukhale pathandala kapena pa njerwa, osati padothi. Ukakhala padothi mizu imatulukira m'mabowo n'kulowa pansi, chiswe nacho chimapeza njira. Pathandala mbuzi ndi nkhuku sizifikapo.

Chakudya yambani kupereka pakatha milungu isanu ndi umodzi chibzalire. Manyowa amadzi osungunula kwambiri kamodzi pa milungu iwiri ndi okwanira. Ngati ndi feteleza wokulitsa, kotsina ndi zala ziwiri basi, m'mbali mwa mphika, dothi lili lonyowa.

Tizirombo tobwera ndi mbande ya kutchire

Mbande ya kutchire ikhoza kubweretsa mavuto ku nazale ya gulu. Pali tizirombo tiwiri tofunika kutizindikira. Kena ndi kamavu kakang'ono kwambiri kotchedwa Leptocybe invasa, kamene kamaikira mazira mumsempha wa tsamba ndi m'nthambi zanthete. Pamalopo pamatupa, tsamba limapiringizika, ndipo mbande imapinimbira. Kena ndi kansabwe koyamwa madzi a m'masamba kotchedwa Glycaspis brimblecombei, kamene kamabisala pansi pa tizipewa toyera tomata patsamba.

Mbande yokhala ndi zizindikiro zimenezi musaikumbe n'komwe. Imene mwabwera nayo ikhale payokha, kutali ndi nazale, kwa mwezi wathunthu. Mukaona zotupa, dulani nthambiyo n'kuiwotcha. Tizipewa toyera pukutani ndi kansalu konyowa ndi madzi a sopo pang'ono. Vuto likafala m'nkhalango ya m'mudzi, dziwitsani alangizi a zankhalango, amene amalumikizana ndi akatswiri a FRIM ku Zomba.

Kafukufuku wa gulu lathu

Monga mwa mwambo wa sukulu yathu, sitingokhulupirira zolembedwa. Tiyese. Tigawane magulu anayi, gulu lililonse mbande zisanu za msinkhu wofanana.

Gulu loyamba: mbande zisiyidwe pamene zamera, tingoziika chizindikiro.
Gulu lachiwiri: zikumbidwe ndi dothi lake, masamba achepetsedwe.
Gulu lachitatu: zikumbidwe ndi dothi lake, masamba asachotsedwe.
Gulu lachinayi: mizu idulidwe kaye pamalo pomwepo, zidzanyamulidwe pakatha milungu isanu ndi umodzi.

Sabata iliyonse lembani m'kope: zamoyo zingati, msinkhu, kunenepa kwa thunthu poyeza ndi ulusi, mphukira zatsopano ndi tizirombo. Kumapeto kwa Epulo tidzazule mbande imodzi pagulu lililonse, titsuke mizu, tiyale pa pepala n'kujambula. Gulu lililonse lidzafotokozere anzawo zimene laona.

Zimene tikutengera ku nazale ndi kumunda

Ngakhale amene alibe chidwi ndi kamtengo ka pakhonde ali ndi chotola pa phunziroli.

Ku nazale, mbande za m'machubu zimachita zomwezi. Muzu ukaboola chubu n'kulowa pansi, mbande imaoneka yokongola kuposa zinzake, koma tsiku lowokera muzuwo umaduka ndipo mbandeyo ndiyo imayamba kufa. Choncho muzinyamula machubu ndi kudula mizu yotulukira pakatha milungu iwiri iliyonse, n'kuthirira mukatha. Powokera, chotsani pulasitiki, dulani mizu yozungulira pansi, ndipo muzu usapindike m'dzenje.

Pakasowa mbewu kapena nazale ikachedwa, mbande zomera zokha zikhoza kutipulumutsa. Zing'onozing'ono, za masamba anayi kapena asanu ndi limodzi, zimagwira mosavuta m'machubu mukatsata njira yomweyi: dothi lake, mthunzi, madzi.

M'nkhalango, kusankha mphukira pachitsa ndi luso lomwelo. Mukasiya zonse mudzakolola timitengo towonda. Mukasiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu mudzakolola mapolo.

Chomaliza ndi malo obzala. Mukadzaona madzi amene kamtengo ka m'bondo kamamwa pa tsiku mu Novembala, ganizirani za mtengo wa mamita 20. Mizu yake imafika kutali kuposa mthunzi wake, ndipo chimanga cha m'mphepete mwake chimafota msanga. Musabzale bulugama m'malire a munda wa mnzanu, pafupi ndi chitsime, m'dimba kapena m'mbali mwa mtsinje. Milandu ya mitengo ya m'malire imatha chibale. Mupatseni malo akeake kumtunda kosalimidwa. M'munda mwa mbewu musiye nsangu, umene umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuwonjezera chonde.

Nanga msika?

Ena afunsa kale ngati timitengoti tingagulitsidwe. M'mphepete mwa nyanja yathu muli malo ambiri ogona alendo, ndipo ena amagula maluwa ndi mitengo ya m'miphika. Koma ndikuuzeni zoona: kamtengo kooneka bwino kamatenga zaka zinayi kapena zisanu, ndipo ogula ndi ochepa. Musachepetse munda wa chimanga kapena mpunga chifukwa cha bonsai. Yambani ndi miphika iwiri kapena itatu. Amene akufuna kudzagulitsa ayambe wafunsa eni malowo zimene amafuna, ndipo ayesenso mlambe wofesa kuchokera ku nthanga ndi kachere wa zodula, zomwe zimapirira kuposa bulugama. Phindu lapafupi lili ku mbande za m'machubu zimene sizifa zikawokeredwa.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Chaka chatha tinawokera mbande zingati, ndipo zatsala zingati? Tikuganiza kuti zinafa chifukwa chiyani?
2. M'mudzi mwathu ndi malo ati amene tingakumbe mbande, ndipo tipemphe kwa yani?
3. N'chifukwa chiyani timachotsa masamba pamene tadula mizu?
4. Kodi pali bulugama amene anabzalidwa pamalo olakwika m'dera lathu? Tingakambirane bwanji ndi mwini wake popanda mkangano?

Sabata yamawa gulu lililonse libwere ndi zigubu zakutha zisanu, mchenga wa mumtsinje ndowa imodzi, kompositi, chiguduli, mpeni ndi kope. Atsogoleri a magulu akhale atakumana kale ndi amfumu pa za malo okumba.